Madala Satuluka M'bwalo

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Sabata imeneyo Kochi ankayimba potsuka mbale, ankamwetulira khoma, ankayankha mokoma ngakhale munthu wolakwitsa nambala ya foni. A m'nyumba anayenera kuchita mantha pomwepo, koma ndani masiku ano amasamala zizindikiro?

Zomukondwetsa zinali ziwiri. Lumo, mnyamata wometa tsitsi pakona pa msewu wawo, anali atatchula tsiku: Loweruka la sabata yotsatira abwera ndi amalume ake kudzaonekera kwa amayi. Chinanso, timu ya Kochi inali itafika ndime ya matimu anayi mu ligi ya kubabashopu.

Musaganize kuti ndi mpira wa fumbi ndi thukuta. Ndi gemu ya pakompyuta ija imene munthu samenya mpira ndi mwendo wake. Amangokhala pampando, kugula osewera, kuwaimika m'malo mwawo, kuwauza kuti uyu athamange, uyu adikire, kenako n'kupinda manja kuonerera tianthu take tikuvutika pagalasi. Lamlungu lililonse masana Lumo ankakankhira kukhoma mipando yometera, anyamata n'kubwera ndi malaputopu awo, kulumikizana, n'kumakuwa ngati kwagwa zovuta. Poyamba mkazi analipo mmodzi yekha, ndipo anawakwapula onse mpaka dzina lake lenileni linaiwalika. Linangotsala la Kochi.

Pakati pa okwapulidwawo panali achimwene ake enieni, oyendetsa lole, amene chimwalirire bambo ndiwo ankayankhula m'nyumba. Iwowa Lumo sankamufuna.

"Munthu wogwira mitu ya anthu tsiku lonse, m'kamwa mwake simugona chinsinsi," ankatero. "Ukafuna nkhani yako ifalikire, kamete."

"Nanga inu mumameta kuti, achimwene?"

"Konko. Koma ndimakhala duu ngati mtembo."

*

Lachiwiri dzuwa lisanalowe, Kochi anadzera kubabashopu pochokera kuntchito. Anapeza Lumo akusesa tsitsi. Pabenchi yodikirira panali Chikhadabo, mtsikana wopaka zikhadabo mu saluni yoyandikana khoma, atapingasa miyendo ngati ali kwawo. Ameneyu analowa ligi posachedwa, asakudziwa ngakhale kumene mpira ukupita. Timu yake inali pansi penipeni, koma Lamlungu sankaliphonya.

"Mabwana afika," anatero Chikhadabo akudzuka. "A Lumo, ndiye fomeshoni ija mudzandiphunzitsa liti? Ine anyamata anga amangothamangira mbali imodzi ngati nkhuku zaona chimanga."

"Funsani mwini mpira uyu," anayankha Lumo akuloza Kochi ndi tsache.

"Aaa, akazi anzathu amaumira. Ine ndikufuna mphunzitsi wa mtima wabwino."

Anatuluka akukupiza zala kuti utoto uume, utoto wouma kale.

"Mtima wabwino wakowo uziusunga m'thumba," anatero Kochi.

Lumo anaseka n'kuika tsache pambali. "Nsanje sikukhala bwino, nkhope imakwinyika. Koma nanenso ndili ndi dandaulo. Chaka chathunthu ine ndakuonetsa zanga zonse: anayi kumbuyo, anayi pakati, awiri kutsogolo, palibe chobisa."

"N'chifukwa chake umagonja."

"Ndigonje, palibe kanthu. Koma amalume akubwera. Akandifunsa kuti mkaziyu ukumudziwa bwino, ndidzati chiyani? Kuti ndimadziwa saizi ya nsapato yake koma sindidziwa mmene amaimikira anyamata ake?"

Ana aakazi inu, mwamuna akapempha chinthu akuseka, gwirani pakamwa. Wopempha atakwiya mumatha kumukaniza. Kuseka ndiko kumamasula mfundo.

Kochi anatola zitsekerero za mabotolo m'kireti ya pakona, n'kuziyala pashelefu ya pansi pa galasi, pakati pa zipeso ndi botolo la sipiriti.

"Atatu kumbuyo, asanu pakati, awiri kutsogolo. Izi aliyense amaziona. Koma uyu wakumanzereyu ndimamuuza kuti akwere mpaka kukona osacheuka. Akakwera, apa pamatsala poyera. Chitseko chimenecho. Wochitseka ndi uyu."

Anaika chala pa chitsekerero chopindika, cha dzimbiri.

"Madala," anatero Lumo.

Madala ankadziwika ndi aliyense mu ligi: wosewera pakati mu timu ya Kochi, wa imvi m'ndevu, wamkulu kuposa onse, amene anyamata ankati amabwera kubwalo ndi ndodo.

"Chigawo choyamba amatseka bwinobwino. Amadziwa kumene mpira ukupita usanamenyedwe. Koma ola likakwana, miyendo yatha. Munthu atangoika mnyamata waliwiro mbali imeneyo, n'kumuuza goloboyi wake kuti aziponyera konko, ine ndatha. Palibe anazindikirapo chifukwa ndimakhala nditawamwetsa kale zigoli, mitu itazungulira."

"Ndiye ola likakwana ungomutulutsa, ulowetse wina."

"Satuluka."

"Chifukwa?"

Panja pankadutsa galimoto. Kochi atayamba kuyankhula, mawu anali atatsika, moti Lumo anachita kuwerama kuti amve.

"Mpira anandiphunzitsa ndi bambo, ndi zitsekerero ngati izi, patebulo la pabalaza. Ngakhale atadwala ankati, bweretsa timu yako tione. Tsiku limene ndinamuona Madala pagalasi ndinaleka kupuma. Ndevu zomwezo. Akatopa amagwira m'chiuno ndi dzanja limodzi, ndendende. Bambo anawatulutsa m'nyumba komaliza ine ndili kusukulu, palibe anandifunsa. Uyu ndiye adzatuluka ndikadzafuna ine. Ndipo sindifuna."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Amayi sadziwa. Achimwene angandiseke mpaka kugwa."

Lumo anamugwira manja onse awiri. "Zimenezi zafera muno," anatero. "Ndikadzanena, dzanja langali lidzanjenjemere pamutu pa kasitomala."

Kochi anakhulupirira. Zitsekerero anazisiya pomwepo pashelefu, mmene anaziyalira.

*

Lachinayi achimwene analowa m'nyumba akuimba mluzu, mutu ukuwala, fungo la sipiriti lili guu. Munthu anali atameta kumayambiriro kwa sabata yomweyo. Tsitsi lanji limene linamera msanga chotero? Funso limeneli Kochi sanadzifunse.

"Amayi, alendo aja abwere ndithu Loweruka lawo," anatero achimwene akuvula nsapato. "Ndavomera."

Amayi anaika kapu pansi n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Kochi sanayang'ane chilichonse. Anathamangira kuchipinda n'kulembera Lumo pafoni: "Avomera!! Wawadyetsa chiyani?"

Yankho linachedwa, ndipo litabwera linali lalifupi: "Mulungu ndi wabwino."

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Munthu amene wakana chaka chonse akavomera tsiku limodzi, musavine. Fufuzani kaye chimene chagulitsidwa.

*

Lamlungu m'babashopu munalibe popondera. Maere anagwera kuti Kochi akumane ndi achimwene ake, ndipo anyamata anabwera kudzaona mmene mkulu akwapulidwire ndi mlongo wake kachikenanso. Chikhadabo anakhala pabenchi pafupi ndi Lumo, akumugwiragwira paphewa chilichonse chikachitika.

Chigawo choyamba chinayenda mwa masiku onse. Timu ya Kochi inamwetsa chigoli, Madala akutseka chitseko chake mosathamanga n'komwe.

"Achimwene, madzi akumwa ali apo," anatero Kochi.

"Mpira sutha usanathe, mwana iwe."

Ola litakwana, achimwene anaimitsa gemu. Iwo amene chaka chonse ankangowomba pakati ngati lole yaduka mabuleki, lero anatulutsa womwetsa zigoli wawo wamkulu, n'kulowetsa kamnyamata kowonda kamene kanali kasanasewerepo, n'kukaimika m'mphepete, moyang'anizana ndi Madala. Kenako anakanikiza china chake pa goloboyi.

Kochi anaizindikira njira imeneyo.

Goloboyi anagwira mpira n'kuuponya kutali, komwe kuja. Kamnyamata kanadutsa Madala ngati kakudutsa mtengo. Chigoli. Anyamata anakuwa. Posakhalitsa zomwezo, njira yomweyo. Chigoli.

"Mutulutse nkhalambayo, Kochi!"

"Akufuna phala ameneyo, osati mpira!"

"Lowetsa wina, ukadali ndi nthawi!"

Dzanja la Kochi linali pomwepo pa batani. Pabenchi ya timu yake panali mnyamata wamphamvu, wokonzeka. Pagalasi Madala anali ataima, dzanja limodzi m'chiuno, akupumira m'mwamba. Kochi anachotsa dzanja n'kuliika pamwendo.

Chachitatu chinalowa. Pamenepo Kochi anadzutsa maso, osati kwa achimwene, koma pagalasi lalikulu lometera. M'menemo anaona Lumo kumbuyo kwa anthu onse, atawerama, akuthira mafuta makina ometera amene anali atawathira kale m'mawa. Babashopu yonse inkayang'ana mpira. Iye yekha ndiye sankafunika kuyang'ana.

Zinatha zinayi kwa chimodzi. Kochi anatseka laputopu mwakachetechete, n'kudutsa pakati pa anthu. Chikhadabo ankawomba m'manja ndi zikhatho zokha kuti zikhadabo zisathyoke.

*

Kunyumba achimwene sanadikire kufunsidwa. Anakhala patebulo lomwe lija la pabalaza n'kuitana amayi.

"Lumo uja ndinamufunsa funso limodzi lokha. Ndinati, mlamu, ukandiuza pomugwirira mlongo wanga, amalume ako alowa pageti. Makina asanazizire n'komwe anali atanena kale. Kumanzere, ola likakwana, ponyerani pa Madala, sangamutulutse. Ndinachita kumuuza kuti basi, zakwana."

"Ndiye unavomereranji kuti abwere?" anafunsa amayi.

"Abwere, ndidzawauze amalume akewo maso ndi maso kuti mphwawo ndi dengu lobooka. Lero wagulitsa mpira. Mawa adzagulitsa za kuchipinda."

Kochi anali ataima pakhomo, laputopu ikadali m'manja. "Ndiye munandivula pagulu kuti mundiphunzitse?"

"Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Simunatsine, achimwene. Mwadula. Mukanabwera n'kundiuza kuti, mlongo wanga, munthu wako wanena zakutizakuti, ndikanamva. Koma zigoli zinayi munazifunanso. Chaka chonse mumazilota."



"Mwamutchera msampha iye, nyambo n'kukhala ine," anatero Kochi, n'kulowa kuchipinda.

*

Foni inayamba kulira madzulo omwewo ndipo sinapume sabata yonse, mauthenga onse ochokera kwa Lumo.

"Ndiyankhe chonde."

"Ndinachitira ife. Anati popanda zimenezo amalume sadzaponda pakhomo panu."

"Ndinkati ugonja gemu imodzi, n'kupeza banja."

"Ndi gemu chabe, wokondedwa."

Uthenga umenewu Kochi anauwerenga kawiri, n'kuponya foni pabedi ngati yamuotcha. Gemu chabe! Munthu amene anamuona akulira pa chitsekerero cha dzimbiri!

Lachitatu anasintha njira yochokera kuntchito kuti asadutse pakona. Lachinayi amayi anamupeza akupinda zovala zopinda kale.

"Alendo aja tiwakonzere kapena tiwabweze?"

"Sindikudziwa, amayi."

"Mapanga awiri avumbwitsa. Lumo anafuna kukondweretsa iwe ndi mlongo wako nthawi imodzi, wanyowa. Koma wamantha ndi woipa mtima ndi anthu awiri osiyana, mwanangu. Ufufuze kuti wako ndi uti."

Tsiku limenelo Kochi anayankha koyamba, funso limodzi: "Unawauza za chitseko chokha, kapena ndi zinazo?"

Yankho linabwera asanaike foni pansi. "Chitseko chokha. Za bambo sindinauze munthu aliyense. Ndikulumbira pa manda a mayi anga."

Kochi anaganiza. Achimwene akanadziwa za bambo, sakanatha kusunga, akanazitulutsa patebulo paja. Ndiye kuti mnyamatayo anagulitsa mpanda, koma nyumba anaisiya. Mtima wa mtsikana uli ngati dothi la pambuyo pa mvula, ana inu: ukangoponda pang'ono, phazi lalowa. Lachisanu anauza amayi kuti agule buledi ndi mkaka.

*

Loweruka m'mawa Lumo anafika yekha, amalume akubwera m'mbuyo pa basi. Anavala malaya oyera ndi tayi yobwereka, yofika pamchombo. Kochi anakumana naye pabwalo, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Achimwene anali pakhonde, akupukuta nsapato mwaukali ngati zawalakwira.

"Waonda," anatero Lumo.

"Tayi imeneyo mwini wake ndi wamfupi."

Lumo anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Ndinalakwa. Achimwene ako anandiyang'ana pagalasi, makina ali m'manja mwanga, ndinaona ngati ndikakana ndakutaya. Ligi ndituluka. Laputopu ndigulitsa. Ukafuna ndigwada pompano, achimwene ako aone."

"Thalauza lida, amalume ako adzati takumenya."

"Ndiye wandikhululukira?"

Kochi anayang'ana pansi. Mawu anali atafika kale pammero. Kunangotsala mpweya umodzi.

Mafoni atatu analira nthawi imodzi: ya Kochi m'manja, ya Lumo m'thumba, ya achimwene pakhonde. Linali gulu la ligi. Anyamata anali ndi chizolowezi choti fainolo ikayandikira, aliyense amatumiza fomeshoni yake yapamtima kuti anzake aiseke kapena aitengere. Kuyambira dzulo lake ankatumiza. Tsopano inali nthawi ya Chikhadabo.

Anatumiza chithunzi cha zitsekerero za mabotolo pashelefu, pakati pa zipeso ndi botolo la sipiriti. Atatu, asanu, awiri. Pa chitsekerero cha dzimbiri panaloza chala cha chikhadabo chofiira. Pansi pake analemba:

"Yanga ndi iyi, ndaphunzitsidwa ndi mphunzitsi wa mtima wabwino. Kungoti ine pakati sindiikapo bambo anga. Pepani a Kochi, maliro achiwiri amawawa."

Nsapato inagwa m'manja mwa achimwene. Anawerenga, n'kuwerenganso, milomo ikuyenda. Kenako anatsika pakhonde pang'onopang'ono ngati munthu wodwala.

"Bambo?" anatero. "Madala uja... ndevu zija..." Anagwira pakamwa. "N'chifukwa chake sumamutulutsa? Ndiye ine Lamlungu lija, kanayi konse, ndimadutsa pa..."

Sanamalize. Anakhala pansi pa sitepe, munthu wamkulu woyendetsa lole, n'kubisa nkhope m'manja.

Kochi anawayang'ana, ndipo anamvetsa. Achimwene sankadziwa. Padziko lonse, amene anamva za bambo anali munthu mmodzi, ndipo anali ataima patsogolo pake atavala tayi yobwereka.

"Pa manda a mayi ako," anatero Kochi motsitsa.

"Sindinamuuze! Khoma lija ndi la matabwa, umalidziwa. Mwina anamvetsera. Zitsekerero zinali pashelefu sabata yonse, aliyense akanajambula."

"Galimoto inkadutsa panja, ine ndikunong'ona. Iwe amene unali pafupi unachita kuwerama kuti umve. Khoma lili ndi makutu oposa ako?"

"Ndikulumbira..."

"Usalumbirenso, akufa atopa nawe. Tsegula foni yako. Ndione zimene mumalemberana."

Lumo anagwira thumba. Sanatulutse foni. Anangoligwira, ngati munthu wogwira bala.

"Ine changa chitseko ndinakuonetsa," anatero Kochi. "Chako chili ndi loko?"

Pageti panamveka kugogoda, ndi mawu a munthu wachikulire, aulemu, okonzekera bwino: "Odi kuno! Alendo!"

Amayi anatuluka m'khitchini akupukuta manja, n'kuima. Anaona mwana wawo wamwamuna ali pansi, wamkazi ali chilili ngati mtengo wouma, mkamwini wa mawa atagwira thumba. "Titsegule?" anafunsa, osadziwa kuti akufunsa yani.

Pomwepo foni ya m'thumba muja inayamba kuitana. Sinali ya gulu ayi. Inali nyimbo yakeyake, yofewa, imene munthu amaikira munthu mmodzi. Kochi ankadziwa nyimbo imene Lumo anamuikira iye. Sinali imeneyi.

"Odi!" anabwereza amalume, akugogoda mwamphamvu.

Foni inkalirabe. Thukuta linatsika pa kolala yoyera.

Kochi anapinda manja, monga amachitira akamaliza kuimika anyamata ake.

"Yankha chimodzi," anatero. "Foni kapena geti."